A Kumpoto ndi Mizere Iwiri ya Phulusa

A Kumpoto anatisiya mwezi watha. Anawapeza kuseri kwa nyumba yawo dzuwa litakwera, atagwa chafufumimba, khasu lili m'manja, mutu utaloza kummwera. Amene anawatembenuza akuti nkhope inali yokwiya, ndipo ine sindikudabwa. Munthu amene moyo wake wonse ankakana kukhala pansi, kudya, ngakhale kuyetsemula asanadziwe kumene kuli kumpoto, imfa n'kumugoneka molakwika chonchija, ndani sangakwiye? Titafika nawo kumanda akwawo cha ku Magomero, bokosi linakana kulowa m'dzenje. Adzukulu okumba manda anayesa uku, anayesa uku, thukuta lili kamukamu, mpaka wina anati, “Tatembenuzani, mwina akufuna kumpoto.” Atalitembenuza linatsika lokha, zingwe zisanagwidwe n'komwe. Ndikulumbira pa makina anga osokera amene amandidyetsa pa Njuli pano. Ngati ndikunama, singano ithyoke.

Dzina lawo lenileni linali a Muhiwa, koma limenelo ankalidziwa ndi a ku ofesi ya penshoni okha. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale yoyendera ya kwathu kuno, m'munsi mwa phiri la Chiradzulu, ndipo ine ndine mmodzi wa amene anawapirira. Alendo akamva dzina loti a Kumpoto ankayesa ndi Mtumbuka. Ayi ndithu, anali Mlomwe wodya nyemba za kalongonda, wa makolo amene anachoka ku Mozambiki wapansi kudzagwira thangata m'minda ya azungu. Dzinalo linabwera chifukwa cha funso lawo. Ukati, “Mwadzuka bwanji aphunzitsi?” iwo ankayamba ndi, “Kumpoto n'kuti?” Ukaloza bwino, moni unkabwera. Ukaloza kolakwika, ankakuyang'ana ngati waba nkhuku ya abusa.

Sindikulemba izi chifukwa chowasowa chabe, ngakhale ndikuwasowa. Ndikulemba chifukwa mitambo yayamba kusonkhana paphiri, ndipo mwana wawo yekhayo, Asiyatu, akugonabe ndi ana ake pamalo amene bambo ake anathira mzere wa phulusa n'kunena kuti apa madzi adzadutsa. Mizereyo inali iwiri. Umodzi unakwaniritsidwa kale.

Kuti mumvetse za phulusalo muyambe mwaona mapu. Sindikunena mapu a papepala. Atapuma ntchito, a Kumpoto anaumba dera lathu lonse pansi, kuseri kwa nyumba, pamalo okwana maziko a nyumba ya zipinda zinayi. Phiri analiumba ndi dothi la pachulu, lofika m'chiuno. Mitsinje anaisema ndi supuni. Msewu wa tala unali wa makala osinja, manda anali zibenthu za mbale zosweka, ndipo nyumba iliyonse ya m'mudzi inali chitsekerero cha botolo, dzina la mwini wake litalembedwa mkati. Pamwamba anamanga chisakasa cha malata atsopano, pamene nyumba yogonamo inkadontha ngati dengu.

Mapuwo anali olondola mochititsa mantha. Nyerere zikalowapo zinkatsata msewu wa tala, zikuyenda kumanzere, ndipo zikafika pamene apolisi amaima zinkachepetsa liwiro. Tsiku lina mbuzi inalumpha mpanda n'kuponda pa Njuli. Ine ndinali pa Njuli weniweni nthawi imeneyo, ndikusoka diresi la mkwati, ndipo denga la khonde langa linafwamphuka popanda mphepo. Mbuziyo ilipo, mutha kukaifunsa.

A Kumpoto anali ndi mlamu wawo, Che Jafali, mchimwene wa malemu akazi awo, wogula nandolo ndi tomato n'kumakagulitsa ku Limbe. Che Jafali ndiye mwini mbumba, amene amagawa malo kwa alongo ake ndi ana awo. Kwathu kuno dothi ndi la akazi. Mwamuna amabwera ndi bulangete lake, ndipo banja likatha amapita ndi bulangete lomwelo. Choncho a Kumpoto, amene ankadziwa malire a munda uliwonse kuyambira nthawi ya thangata, analibe ngakhale pamene nkhuku ingaikire dzira. Akazi awo atamwalira, mbumba inawasudzula mwaulemu wonse kuti abwerere kwawo ku Magomero. Iwo anavomera, n'kupempha kuti awapezere wakabaza amene anganyamule phiri. Sanapezeke. Anatsala.

Awiriwa ankakangana ngati tambala awiri a khola limodzi, koma ankamwera tiyi pamodzi.

“Alamu,” ankatero Che Jafali, “munthu wopanda munda kuumba dziko lonse, si njala imeneyo?”

“Inu muli ndi minda yonse, alamu, koma simudziwa kumene yaloza.”

“Nandolo safunsa kumpoto.”

“N'chifukwa chake mumamugulitsa motchipa.”

M'kalasi, zaka zambiri izi zisanachitike, a Kumpoto ankatiuza kuti mbiri yopanda malo ndi miseche chabe. Ukalemba kuti azungu analanda malo, ankakubwezera pepala kuti uwaonetse malo ake, kuyambira pa mtsinje uti kulekezera pa mwala uti. Ankanenanso kuti munthu amatha kunama, buku limatha kunama kwambiri chifukwa lili ndi nthawi yokonzekera, koma mtengo wa mango sunama: ukaupeza wokalamba pakati pa tchire, dziwa kuti pamenepo panali khomo, ndipo panali mwana amene anataya njere. Njira kwa iwo inali mboni. Manda anali mboni yaikulu, chifukwa sasamuka ndipo alibe chimene angapindule.

Anali ndi mapepala a pulasitiki oonekera mkati, aja timayala padenga tisanafolere udzu, atawadula mofanana. Pa limodzi anajambula malire a minda ya azungu, amene anakakopera kosungira zakale ku Zomba. Pa lina midzi ya Ayao amene anafika kale. Pa lina mizere ya nyumba za Alomwe a thangata. Pa lina manda, pa lina mabwinja ndi mango akale. Ankawasanjikiza limodzi pamwamba pa linzake, n'kuwagwirizira pawindo kuti dzuwa lipyoze. Ankangodikira. Kenako wina kumbuyo ankati, “Aaa!” chifukwa waona yekha kuti midzi yonse inakankhidwira m'mphepete, pamiyala, pamene dothi lonona lili mkati mwa malire. Ine ndinamvetsa tsiku limenelo chifukwa chimene munda wa amayi anga umabereka miyala yambiri kuposa chimanga. Ena tinalephera mayeso, koma palibe mwana wa a Kumpoto amene anasocherapo. Mnzathu wina anafera ku Joni, ndipo mtembo wake ndi umene unkalozera dalaivala njira.

Ukawafunsa njira, sankaloza ndi chala. Ankanjuta pansi n'kutola kamtengo. Bambo wina anawafunsa njira ya kuchipatala cha pa Njuli, mkazi wake ali pakabaza matenda atayamba. Pamene a Kumpoto ankamaliza kujambula, mwanayo anali atabadwa, atayamwa, ndipo ndi iye amene anafunsa kuti mlatho uli pati. Mwanayo anamutcha Malire. Ndinamusokera yunifomu ine.

Cholakwa chawo chinayamba ndi kufuna kulondola. Pomanga mapu a pansi aja, sanafune kuti dera lonse likhale la dothi limodzi. Ankafuna kuti pofiira pakhale pofiira, pa dambo pakhale pakuda, pa mchenga pakhale mchenga weniweni wa pamenepo. Ndiye ankayenda khomo ndi khomo ndi timapepala ta shuga ndi supuni, n'kumatapa dothi pabwalo, nthawi zina pakhomo penipeni pamene anthu amaponda potuluka. Kwa iwo inali ntchito ya sukulu. Koma kuno aliyense amadziwa amene amatapa dothi la paphazi la mnzake, ndi chimene amakachita nalo. Amayi ankawalonjera bwinobwino, iwo akangopotoloka n'kusesa pabwalo mpaka kuthyola tsache. Wina anawatsatira n'kuwafunsa kuti dothilo akupita nalo kuti. A Kumpoto anayankha mokondwa kuti akukaliika pamalo pake, pafupi ndi manda. Ankanena za pamapu. Mayiyo sanafunsenso.

Dothi lomwelo ndi limene linawaonetsa chinthucho. Atasanja mapu onse, manda m'malo mwake, mabwinja m'malo mwake, mango akale m'malo mwake, anaona mipata iwiri yotsika kuchokera paphewa la phiri mpaka kudambo. M'mipata imeneyo munalibe manda ngakhale amodzi, munalibe bwinja, munalibe mango wokalamba. Anthu a thangata, amene anapanikizidwa mpaka kumanga pamiyala, anasiya malo awiri osalala bwino osamangapo. Dothi la m'menemo linali la mchenga ndi nsangalabwi, ngati la mumtsinje, pamene mtsinje palibe. Ndipo miyala ikuluikulu ija ili m'minda mwathu, imene timayanikapo makaka a chinangwa, ataiika pamapu inapezeka kuti sinamwazikane chisawawa. Inandandalika m'mipata iwiri yomweyo, ngati ndowe za mbuzi imene inkathamanga. A Kumpoto ankati mwala suyenda wokha, ndipo umene uli kutali ndi phiri unabwera ndi mwini wake. Mwini wakeyo akale ankamutcha napolo.

Palibe wamoyo amene ankakumbukira. Amene anaona anali atafa, amene anauzidwa anali atafa, ndipo malo anali atachepa. Kuno munthu ukagona chagada m'munda mwako, miyendo imakhala mwa eni ake. Nkhuku ikapalasa kamodzi imathira dothi m'minda ya mabanja atatu, ndipo mlandu wake umatha mwezi. Ndiye mipata iwiri ija inadzaza nyumba, zina za njerwa zootcha. Mu mpata woyamba munali nyumba ndi sitolo ya Che Jafali. Mu wachiwiri, Che Jafali anapereka malo kwa mphwake Asiyatu atakwatiwa.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse a Kumpoto ankapala phulusa pamoto n'kukathira mizere iwiri pamapu, kuchokera paphiri kutsika, kudutsa pakati pa zitsekerero. Anthu odutsa ankaona. Dothi la mapazi athu, mbale zosweka, tsopano phulusa. Ngakhale ine, amene ndinaphunzira mpaka folomu folo, ndinkadutsa pamenepo ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Tsiku limene mudzi sudzaiwala linali Loweruka lina m'chilimwe. A Kumpoto anaphikitsa thobwa mbiya ziwiri n'kuitana aliyense kuti adzaone nyumba yake. Thobwa laulere lilibe mfiti, anthu anabwera. Poyamba kunali chisangalalo. Ana ankathamanga mozungulira mpanda akufuula kuti kwathu ndi apa, kwanu ndi apo. Amayi ena anadandaula kuti chitsekerero chawo n'cha mowa pamene iwo ndi a mvano. A Kumpoto anali atabzala timitengo ta tsache paphiri lonse la pamapu. Anakwera pampando ndi kheni yothirira ndiwo zamasamba.

“Iyi ndi mvula ya agogo anu,” anatero, n'kuthira pang'onopang'ono.

Madzi anatsika bwinobwino m'mitsinje imene timaidziwa, n'kukathera kudambo. Anthu anaomba m'manja. Wina anapempha kuti athirenso cha kumunda kwake.

Kenako anatsika n'kuyamba kuzula timitengo tija, kamodzikamodzi. “Aka ndi makala. Aka tinaotchera njerwa. Aka ndi ka maliro, aka ndi ka ukwati.” Sanatchule munthu, koma aliyense anayang'ana pansi, chifukwa tonse tinadyapo. Phiri litatsala mbee ngati mutu wa wodwala, anakweranso pampando. Ulendo uno sanatenge kheni. Ananyamula ndowa yodzaza.

“Iyi ndi mvula imene imabwera kamodzi, amene anaiona atatha kufa.”

Anakhuthula.

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako phewa la phiri linanyefuka, n'kutsetsereka, n'kugawika pawiri. Matope anatsika ndendende pamene panali phulusa. Zitsekerero zinanyamuka, zina chagada, zina chafufumimba, zikugundana ndi kaphokoso kakang'ono kamene ndimakamvabe ndikamataya mapini m'chitini. Zonse zinakaunjikana kudambo. Kamtsikana kena kanayamba kulira kuti nyumba yathu yapita, amayi, nyumba yathu yapita.

Palibe anaseka. Che Jafali anaika chikho cha thobwa pansi mosamala, anayenda mpaka kudambo la pamapu, n'kutola chitsekerero chimodzi m'matope. Anachipukuta pamkanjo wake n'kuwerenga mkati.

“Alamu, mwatiitana kuti tidzaonerere maliro athu?”

“Ndakuitanani kuti maliro asachitike.”

“Dothi ili pansi pa dzina langali munalitenga kuti?”

“Pakhomo panu, alamu. Munali ku Limbe.”

“Pakhomo panga.” Che Jafali anatembenukira kwa anthu. “Mwamva nokha. Pakhomo panga.” Kenako anatsitsa mawu. “Mchemwali wanga anakupezani mulibe ngakhale mpando. Takusungani. Lero mukutithira madzi?”

“Samukani chabe. Inu ndi onse a m'mizeremu. Asiyatu, mwana wanga, iwenso.”

Asiyatu anali ataima kumbuyo, mwana kumsana. Sanakweze mawu. “Ababa, ndisamukire kuti? Pa mapu anuwa?”

Anthu anabalalika, thobwa mbiya imodzi yosakhudzidwa. Zimenezo m'mudzi mwathu sizinachitikepo chiyambire, ndipo pa ichi ndikulumbira pa sizasi yanga. Mawa lake a Kumpoto anaumbanso phiri, anabwezera zitsekerero, n'kuthiranso phulusa.

Zaka zinadutsa, mvula ikugwa ya masiku onse. Anthu anayamba kuseka. Kukachita mitambo, anyamata a kabaza ankafuula kuti a Kumpoto, bisani ndowa. Iwo ankangofunsa kuti kumpoto n'kuti. Anakalamba, tsitsi linayera, koma ankayendabe m'masukulu ndi mapulasitiki awo atawapinda kukhwapa, kupempha aphunzitsi achinyamata kuti awapatseko kalasi ya masana. Ena ankawalola. Wina anawaonetsa pafoni chithunzi cha mudzi wathu chojambulidwa kuchokera kumwamba. A Kumpoto anachiyang'ana nthawi yaitali, anayamika kuti n'chokongola, n'kunena kuti vuto lake chimangoonetsa amoyo.

Kenako kunabwera namondwe uja. Sindimutchula dzina. Amene anamupatsa dzina la munthu sanamuone. Mvula inagwa masiku otsatizana osapuma, yosakalipa, yongolimbikira ngati munthu wogogoda pakhomo amene akudziwa kuti muli m'nyumba. M'mawa wina, anthu akuyesa kukoleza moto, phiri linalira. Amene anamva amati ngati magalimoto a miyala akukhuthula onse pamodzi. Ine ndinali pa Njuli, ndipo ndinamva kudzera m'mapazi.

Apa sindikokomeza kanthu. Matope anatsika mumzere woyamba. Anakhota pamwala woyanikapo makaka pamene phulusa linkakhota. Anafika kudambo. Che Jafali anapulumuka chifukwa anali atapita kukaona ngati mlatho ulipo. Akazi awo anali m'nyumba, ndi kamdzukulu kamene kanabwera kudzagona kwa agogo. Ena anapezeka, ena sanapezeke. Sindiwerenga. Mzere wachiwiri sunakhudzidwe. Pakhomo pa Asiyatu ngakhale mtondo sunagwe.

Patapita masiku, Che Jafali anabwera kuseri kwa nyumba ya mlamu wawo, matope ouma mpaka m'mawondo. Ine ndinalipo, ndinabweretsa nsalu zoyera za maliro zimene zinatsala. Anaima pampanda n'kuyang'ana mzere woyamba kuchokera pamwamba mpaka pansi.

“Munadziwa bwanji kuti ukhota pamwala uja?”

“Miyala inandiuza, alamu.”

Che Jafali anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza chimene ankachifuna ndipo sakondwa nacho.

“Miyala siyankhula ndi munthu wamba,” anatero, n'kumapita.

Inu mukuganiza kuti zitatero anthu a mumzere wachiwiri anasamuka. Ndi mmene zimathera nkhani za m'mabuku. Kuno anthu anaona kuti munthu anatapa dothi lawo, anathira phulusa, anakhuthula ndowa pamaso pa onse, ndipo chimene anachita pa kaphiri chinachitika pa phiri. Anafunikanso umboni wanji? Sanawamenye, chifukwa ankawaopa. Anangosiya kuwalonjera. Kenako amayi anayamba kubwera mmodzimmodzi, masana, ndi mbale ndi mpeni, aliyense kudzakumba dothi la pakhomo pake kuti abwerere nalo. A Kumpoto sanaletse. Ankawatsegulira mpanda, n'kuwalozera pamene pali pawo kuti asatenge la mnzawo. Mapu anatsala mabowomabowo ngati nkhope ya wodwala nthomba. M'mawa uliwonse ankathirabe phulusa, tsopano mzere umodzi wokha.

Asiyatu yekha sanabwere kudzakumba. Ankabwera ndi chakudya, n'kukhala pa mpando uja anakwerapo bambo ake. Tsiku lina ndinawapeza ali pakati pa nkhani.

“Unandifunsa funso chaka chija,” ankatero a Kumpoto. “Unati usamukire pa mapu. Ndaganiza. Samukira pa mapu.”

“Ababa, musaseke.”

“Pano m'pokwera. Pali mango wa agogo a amayi ako, pali bwinja. Madzi sanadutsepo. Zipinda zinayi zikwana, ndinayeza kale. Ndiphwanya ndekha.”

“Muphwanye chinthu chimene chinakudyerani moyo wonse?”

“Chinandidyera kuti chindiuze chinthu chimodzi. Chandiuza.”

Asiyatu anapinda ndi kupindula mpango. “Bambo a ana anena kale kuti sangagone pamene panasonkhana mapazi a mudzi wonse. Amalume akuti malowa ndi a mbumba, ndipo palibe wa mbumba amene adzamangepo mpaka papite mvula zambiri. Ine ndili pakati, ababa. Inu simunaphe munthu, ndikudziwa. Koma ndikamanga pano, ana anga adzatunga madzi ndi ndani? Adzakwatiwa ndi ndani?”

“Adzakhala amoyo.”

“Amoyo okhaokha, ngati inu?”

Ndi kamodzi kokha kamene ndinaona a Kumpoto akusowa kolozera.

Komabe anayamba. Anagulitsa njinga yawo n'kugula njerwa, zimene anaziunjika pambali pa chisakasa. Anatenga khasu n'kuyamba kugumula mapu kuchokera kummawa, kumene kunali Magomero kwawo. Munthu wa zaka zimenezo, khasu linkawalemera kuposa iwo eni. Tsiku lina ankagumula mudzi umodzi, tsiku lina mtsinje, n'kupuma. Ndinawauza kuti ndibwere ndi anyamata tithandize. Anakana. Anati amene anaumba ndiye amadziwa pogumula, ndiponso anthu akaona gulu adzati tikusamutsa mankhwala. Pamene pasalala anakhoma zikhomo n'kumanga chingwe cha maziko, khomo kuloza kumpoto. Mbali ya phiri ndi mzere wachiwiri anaisiya kuti idzakhale yomaliza. Ankati mwina wina adzabwera kudzafunsa. Khasu lija anawapeza nalo linali pa ntchito imeneyo.

Kumaliro anthu anabwera ambiri, chifukwa maliro sakanidwa. Che Jafali anabwera, anakhala patali pansi pa mtengo, ndipo pobwerera ndinaona akupukuta m'maso ndi chipewa. Koma pa lole imene tinakwera, bambo wina wa mumzere wachiwiri anapuma mpweya waukulu n'kunena kuti, “Basi, chaka chino tigona tulo.” Ambiri anavomera. Mmodzi anati wayamba kale kuumba njerwa zoonjezera chipinda. Kwa iwo napolo tinamukwirira ku Magomero, mutu kuloza kumpoto.

Dzana ndinapita kumudzi kukapereka mayunifomu a ana a Asiyatu, ndipo pobwerera ndinadutsa kuseri kwa nyumba ija. Abale a ku Magomero anabwera kudzatenga katundu wa malemu, monga mwa mwambo: bulangete, mpando, mapulasitiki aja amene akuti afolera nawo khola, ndi malata a chisakasa. Mitengo inayi yatsala chilili, yosanyamula kanthu. Mpanda wagwa mbali imodzi, koma mbuzi sizilowa. Njerwa zili pamene anaziunjika, ndipo palibe waba ngakhale imodzi, chimene kwathu kuno n'chodabwitsa kuposa bokosi lija. Chingwe cha maziko chikadali chomangika. Mkati mwake mwasalala, mwayera, udzu ukungoyamba kumera pamene pakanakhala chipinda cha ana.

Theka la phiri la pamapu likadalipo. Mvula yoyamba, ya chizimalupsa, inagwa sabata yatha, ndipo popanda denga inagwera pamapu. Phulusa lonse linakokoloka, palibenso wolithira. Koma mzerewo sunafafanizike. Madzi anaukumba okha, kangalande kozama ngati chala, kuchokera paphewa la kaphiri kutsika, kukhota pa kamwala, mpaka pansi. Zitsekerero zimene zinatsala zaunjikana kumapeto kwake, m'matope, patsinde pa njerwa. Ndinatola chimodzi. Dzina linali lisanafufutike.

Ukaima pamenepo n'kukweza maso, umaona phiri lenileni, ndi chipsera chake chofiira kumanzere. Kumanja kwa chipseracho phewa likadali lathunthu, lopanda mtengo, mtambo utakhalapo. M'munsi mwake malata akunyezimira, ndipo pachingwe cha pakhomo pa Asiyatu pali timalaya tiwiri tabuluu timene ndinasoka ine.

Pa ichi sindilumbira. Pitani mukaone nokha, mvula isanabwerenso.